Khomo la Seventini

Magetsi athawa kuyambira masana,
jenereta ikutsokomola kuseri kwa nyumba.
Ndili ndekha m'kachipinda kozizira, pansanja yachisanu.
Pansipo, mumsewu wa Samora Machel, mwatsala makombi awiri
akuitanira anthu a ku Mufakose.

Patsogolo panga pali suwichi, yopyapyala ngati thireyi,
makomo ake makumi anayi mphambu asanu ndi atatu,
onse yasaa, ngati milomo ya tiana ta mpheta.
Mpaka dzulo aliyense wobwera ndi waya wake
amangosomeka,
n'kuyenda osagogoda mpaka pomwe timasunga malipiro a anthu.
A Chinembiri anati, tseka mwezi usanathe.

Ndiye usiku uno ndikuphunzitsa khomo lililonse
funso limodzi lokha.
Ndiwe yani?
Khomolo yankho silidziwa, lake n'kufunsa basi,
kunyamula dzina ndi mawu achinsinsi
kukapereka kwa seva, mlembi wosaseka uja,
amene amatsegula kaundula, n'kuloza ndi chala,
n'kunena kuti alowe,
kapena ayi.
Kanyali kachikasu kamadikira.
Kakabiriwira ndiye kuti wadziwika.

Funso limeneli ine ndakula nalo.
Bambo anga a Lufeyo, mchombo wawo uli ku Mbare,
anaima pamzere wa zitupa kuyambira mbandakucha,
jekete la kutchalitchi, nsapato zopolisha.
Pawindo anawafunsa za kwawo kwenikweni.
Anatchula kamudzi ka ku Ntcheu komwe sanapondeko,
chitupa n'kutuluka ndi chilembo cha mlendo.
Anachisunga m'pepala la shuga
mpaka tsiku lomwe tinawasambitsa.

Pulinta yakale ya kwa owerengera ndalama
siitha kutchula dzina lake.
Ndailembetsa ndi nambala yomwe inabadwa nayo,
khomo laimvera chisoni, yadutsa.
Chitsulo chimenecho.

Cha m'ma leveni, khomo la seventini lachita chikasu.
Lafunsa. Zii.
Lafunsanso.
Ndalondola waya wake pamapu, kutsika makwerero onse,
ndapeza Tapfuma, mlonda wathu, patebulo lolandirira alendo,
chibonga wachiika pambali,
laputopu yosweka ngodya, yomata ndi selotepi,
akuzula waya, kuuzira mpweya, kusomekanso.
Mayeso ake a zamagetsi ali Lachisanu.
Miyezi isanu wakhala akuwerengera pa waya ameneyu
nonse mutagona.
Wandiyang'ana, wati m'Chishona, wafa kodi?
Ndati sunafe, ukungofuna kukudziwa.

Sanabepo kanthu munthuyu, ndikhoza kulumbira.
Koma m'kaundula mulibe,
ndipo wakuba akadzabwera, tayi pakhosi,
adzasomeka pabowo lomweli, ndi ulemu womwewu.
Waya alibe maso.
Lamulo ndalemba ndine, ndi zala izi,
ndipo ndi labwino, sindikulinyoza.

Ndakweranso, mawondo akudandaula.
Tiyi wazizira m'kapu.
Ndalemba mizere isanu ndi umodzi:
wosadziwika asabwezedwe,
apatsidwe kanjira kakekake, kakhonde,
kotulukira kunja ku intaneti,
kosaona n'komwe chitseko cha malipiro.
Mawa ndikawauza a Chinembiri ndisanavule juzi.
Akakana ndidzafufuta, ntchito ndi yawo.

Kanyali kaphethira kawiri.
Kabiriwira.

Pansi pamveka kukokedwa kwa mpando.
Ndinayenera kusangalala, ndipo pang'ono ndasangalala,
koma ndikukulunga mawaya otsala
ndakumbuka kuti khonde ndimalidziwa.
Mvula simakupeza, inde,
mawu a m'nyumba umawamva, fungo la ndiwo limakufika,
ana ako amabadwira pomwepo
n'kuphunzira kukonza maloko a eni nyumba.

Jenereta yazima, magetsi abwera okha.
Makomo makumi anayi mphambu asanu ndi awiri
akudikira anthu a mmawa ndi mayina awo.
Ndatseka kabati, kiyi m'thumba,
ndatsika.
Pageti Tapfuma wandipatsa buku kuti ndisaine,
dzina, nthawi, nambala ya chitupa.
Amandidziwa zaka zinayi.
Ndalemba zonse.