M'kabokosi Kanga ku Chinsapo

Tsiku la ndalama sindifunsa kalendala.
Fumbi la msewu wa ku Likuni limadzuka tambala asanalire,
amayi atandanda kale pazenera langa,
mafoni atamangidwa pamfundo za zitenje,
ena moto utathamo, akupemphana tchaja
monga tinkapalirana makala kale.

Ine ndine ejenti. Yanga n'kuwerenga basi:
nambala, chinsinsi, chala palilime,
ndalama n'kudutsa pansi pa waya.

Tsidya la ngalande pamakhala akabaza.
Gelesomu ndiye wa pakamwa posatopa:
"Taonani mimbazo! Ndalama zikugwa zokha m'foni,
alekerenji kubereka? Mwana ndi geni masiku ano."
Anzake amaseka mpaka njinga kugwa.
Nanenso ndinkaseka. Kuseka kulibe mtengo.

Koma zenera ili ndi laling'ono,
munthu amayandikira, mpweya wake n'kukugunda.

Nangondo satapa zonse.
Amasiyamo pang'ono, ati nambala ingazizire.
Amagawa pomwepo, pathabwa langa:
iyi ya mazira, iyi ya nsapato za Zione,
iyi ya landilodi amene wayamba kuyeza chitseko ndi maso.
Tsiku lina inatsala imodzi yopanda dzina.
Anaipinda kanayi, n'kuitana Gelesomu yemweyo:
"Kandisiye pasiteji, ndikupita ku Bwaila."
Mwezi wotsatira anandionetsa kachipsera pamkono,
kakang'ono ngati njere ya mpunga.
"Anayiwa akwana," anatero.
"Kale ndinkafesa ngati m'munda woguga,
wosadziwa kuti imere ndi iti.
Awiri ndinawasiya kumanda kuseri kwa njerwa uko.
Tsopano zikumera. Ndifesenso zanji?"

Musati ndakupatsani yankho.
Nachisale alidi ndi pakati, ndipo sabisa.
Anadikira zaka zisanu ndi chimodzi, akutero,
kufikira denga litasiya kulira m'mabeseni.
Mwana uyu ndi wa malata asanu ndi atatu,
adzabadwira pouma.

Ndipo alipo wina, dzina ndisunga,
amene mwamuna wake amaima kuseri kwa kabokosi,
osapereka moni, dzanja lili chitambasulire.
Mwana wakumsanayo tsitsi likadali lofiirira.
Ndimawerenga pang'onopang'ono, mwina angatope kudikira.
Satopa.

Kunabwera miyezi itatu mafoni ali zii.
Ankabwerabe, kudzandifunsa ngati ndine boma.
Ndinkangogwedeza mutu ndi kuwakongoza mayunitsi.
Mwezi umenewo kabuku ka kusikelo ka mwana wa Nangondo,
kamene amakulungiramo chenji,
mzere wake unagona chafufumimba
ngati mtsinje wa Lilongwe mu Okutobala.
Zitabwera, unayambanso kukwera, mwaulesi,
monga kabaza pachitunda.

Gelesomu tsiku la ndalama amatuwa ndi maulendo,
matumba a soya, bandulo ya makope, agogo ndi ndodo yawo.
Madzulo amabwera kudzasungitsa zake kwa ine,
akudandaula msana, akunenabe za mimba.
Sindimuuza kuti ndalama yopindidwa kanayi ija
inadutsa m'thumba mwake.

Dzulo Nangondo maso anamuvuta, dzuwa linali pagalasi.
Anapatsa Zione foni.
Kamtsikana ka sitandade fili, kolala yopindika,
kanaimira zala, chibwano pathabwa langa,
n'kuwerenga uthenga wonse mokweza,
liwu ndi liwu, mpaka maziro.
Kenako kanandiyang'ana: "Achimwene, mwaperewera faifi handiredi."
Ndinawerenganso.
Kanali kolondola.

Pamzere panaphulika chiseko,
mayi wake akubisa mano m'chitenje.
Ndinatulutsa yotsalayo pansi pa waya,
manja anga akununkha ndalama za anthu ena,
wotsatira atayamba kale kumasula mfundo yake ndi mano.