Buluzi wa ku Chizumulu

Anabwera m'thumba la chinangwa chouma
limene Evelesi anatumiza pa sitima,
kuchoka ku Chizumulu, kutsika pa Nkhata Bay,
n'kukwera chitunda chonse chija pa matola.
Nditamasula chingwe pakhonde pano ku Chiputula
kanthu kanatumphuka m'makaka muja
n'kukaima pa njerwa, nthiti zikugunda.
Tikiti sanalipire.

Ndinamudziwa msanga.
Mizere iwiri yotuwa, kuchoka padiso kukathera kumchira,
khungu lonyezimira ngati wadzolera tchalitchi,
timiyendo tokhala ngati anachita kubwereka kwa mng'ono wake.
Kwathu ngosawerengeka,
amadikirira ntchentche pansi pa thandala la usipa
ndipo palibe amawapatsa moni.
Kuno ndinatsala pang'ono kumufunsa za kumudzi.

Unali mwezi wa Juni.
Nkhungu inkatsika ku Kaning'ina isanakwane folo koloko,
anyamata a sakaramento akupalasa atavala masokosi m'manja.
Buluzi alibe moto wakewake m'thupi,
amakongola kwa dzuwa m'mawa uliwonse
n'kubweza ngongole yonse madzulo.
Masiku anayi dzuwa silinatsegule sitolo.
Ndinamupeza kuseri kwa mbaula atauma gwa,
diso lokha likuyenda.
Ndinasiya makala awiri osazima, osauza mayi a kunyumba.

Lachisanu kunacha bwino.
Anakwera pa lata lakale la a Msowoya,
nadziyala chafufumimba, nthiti tambasu,
kenaka lilime lawi, lawi, kulawa mphepo,
kufunafuna fungo la madzi akulu.
Anangopeza utsi wa utuchi ndi bulugamu.
Chiswe cha kuno anadyabe.
Nyerere zofiira analavula.

Penjani, mwana wanga wachiwiri, akuti dzina lake ndi mtondoli.
Ndati ayi, buluzi.
Wandiseka, akuti ndimayankhula ngati wailesi.

Tsiku la mphaka wa a NyaKumwenda ndinalipo.
Fumbi kobo, kenaka zii.
Mchira unatsala pabwalo ukuvina wokha,
mphaka ali nawo kalikiliki,
mwini wake ali kale mumng'alu wa maziko
kuwerenga zimene zatsala.
Magazi sanatuluke ambiri.
Patapita miyezi iwiri unamera wina,
wamfupi, woderako, wopanda mizere,
wosagwirizana ndi thupi ngati chigamba cha telala wothamanga.
Ankaukoka choncho, osachita nawo manyazi.
Ine ndinasiya bwato, maukonde atatu ndi manda a bambo.
Chimene chinamera m'malo mwake
ndi yunifomu ya ulonda ndi tochi ya kampani ya matabwa ku Luwinga.

Kutayamba kutentha anafundula,
tizikopa tikugwa ngati mapepala a fodya.
Mimba nayo inakula.
Ndinkati ndi ngumbi zosochera,
kufikira m'mawa wina ndikuchokera ku ntchito
ndinaona tiwiri, titatu, tisanu pa lata lija,
tating'ono ngati machesi, mizere ili kale pamsana.
Mazira sindinawaone, zikhokhombe sindinazipeze.
Anabereka amoyo, ngati mbuzi, ngati munthu,
ndipo sanawacheukire n'komwe.
Kaya anawoloka nawo nyanja ali m'mimba,
kaya bambo wake ndi wa kuno, wa kuseri kwa bafa,
sindinafunse. Za m'banja la eni.

Awiri anatengedwa ndi khwangwala.
Mmodzi anagwera m'ndowa.
Otsalawo sadziwa kuti kuli dziko lothera m'madzi mbali zonse,
kumene mwala umatentha mpaka pakati pa usiku.
Nkhungu ikatsika amalowa mumng'alu mosadandaula,
ngati mmene Penjani amavalira juzi osauzidwa.

Evelesi waimba dzulo, akuti thumba abweze, n'lobwereka.
Ndalikutumula kawiri, ndalipinda.
Mayi uja ali pa lata, maso ali psii,
sanasunthe.