Dontho ndi Dontho

Ku banki anandipatsa mpando wofewa
ndi madzi ozizira m'kapu ya pepala,
kenako anafunsa kalata ya malipiro a pamwezi.
Ndinawaonetsa zikhatho zanga zopsa ndi mafuta.
Mnyamata wa tayi anati si zimenezo, mayi.

Ku pinyolo, kuseri kwa msika wa Barranquilla,
mphete ya malemu mayi anga anaiika pa sikelo
ngati tsabola.
Inapepuka.
Zaka makumi anayi za ukwati
sizinakwane kugula chitofu ndi botolo la gasi.

Chipereganyu cha amayi a mumsewu mwathu chilipo,
chilibe chiwongoladzanja, chilibe mwano,
koma dzina langa ndi lachisanu ndi chinayi
ndipo chitofu chinafa Lachiwiri.

Choncho ndinamuimbira Dairo.
Sanafune chikole, sanafune mboni,
anangofunsa sukulu imene Yulieth amaphunzira,
akuseka ngati mlamu.
Mapeso zikwi mazana atatu dzuwa lisanapendeke.
Kubweza: zikwi khumi ndi ziwiri patsiku,
masiku makumi atatu, Lamlungu lomwe.
Kuno katapila ameneyu timamutcha dontho ndi dontho.

Folo koloko ikakwana
njinga yamoto imatsokomola pakona.
Ndimaidziwa kuposa mawu a mwamuna wanga.
Dairo savula chipewa,
amangochonga kakhadi kachikasu,
nkutola chitumbuwa chimodzi osalipira.

Tsiku la khumi ndi chisanu ndi chiwiri kunagwa mvula,
msewu unasanduka mtsinje, unakokolola mpando wa Eufemia.
Ndinagulitsa zitumbuwa zisanu ndi chimodzi basi.
Folo koloko sinanyowe, inafika.
Madzulo omwewo ndinakongola kwa Wilmer
kuti Dairo achonge.
Tsopano njinga zimabwera ziwiri.

Usiku Yulieth anayala kope la masamu pathebulo,
akuphunzira za maperesenti.
Anatenga kakhadi kachikasu, anawerengetsa,
anafufuta, anawerengetsanso.
Amayi, makumi awiri pa zana lililonse, pamwezi.
Pachaka? Analuma pensulo,
anandiyang'ana ngati ndine mwana wake.
Aphunzitsi akuti ku banki nkotsika mtengo.

Ndinati ndikudziwa, mwanangu, ndinapitako.
Madzi awo ndi ozizira bwino.

Zimitsa getsi, likuwerenganso.
Mawa udzandidzutse tambala asanalire,
ndikande ufa,
zitumbuwa makumi awiri zoyamba si zathu.