Kaseti Yachisanu ndi Chinayi

Amalume Zuze anabwera nawo pa njinga kuchokera ku Nchalo,
katoni ya shuga yomanga ndi mphira wa chubu,
m'kati mwake makaseti asanu ndi atatu.
Mzungu wa kufakitale popita kwawo anati atayidwe.
Amalume sankataya kanthu,
ngakhale msomali wopindika.

Ku Bangula dzuwa likalowa, kutentha kumatsala.
Tinkapanikizana m'chisakasa cha mabango kuseri kwa chigayo,
wamkulu makwacha awiri, mwana chikho cha mapira.
Jenereta inkayamba yatsokomola katatu,
pagalasi n'kubwera mchenga,
mumchengamo n'kutuluka chombo
chonga mbale ziwiri zovundikirana,
chikusambira pakati pa nyenyezi zopanda mtundu.

Anthu asanu, zovala zonyezimira ngati pepala la fodya,
ndi chimunthu chachitsulo
choyenda ngati chili ndi chithupsa.

Maibeki, amene sukulu anaisiyira Sitandade 6,
ankaima pambali n'kumatimasulira.
Mzungu akalankhula nthawi yaitali, iye amvekere:
"Akuti tasochera."
Mzungu akalankhulanso:
"Akuti tasocherabe."
Ndipo sankanama.
Kaseti iliyonse ankatera pa dziko la eni,
lina la miyala yolankhula,
lina louma gwa, mpaka mayi wina kumbuyo anafuula
kuti kumeneko ndi ku Ngabu mu Okutobala.

Tinkapha udzudzu osayang'ana pamwendo.

Yachisanu ndi chitatu inathera apa:
kwawo kwaoneka pawindo, kakang'ono ngati nthudza,
mafuta atha, chitseko chakana,
mkazi wa mabatani uja watsegula pakamwa kuti anene kanthu,
basi mchenga.

"Yotsatira palibe," anatero amalume, akukulunga waya.
"Mwini wake anapita nayo."

Zaka zinayi tinakangana.
Asodzi a kudambo ankati anafika, bwato silimira poona gombe.
Amayi a pamsika wa thonje ankati ayi,
ulendo wa amuna okhaokha ndi mkazi mmodzi sufika.
Tinkalipiranso kuti tionere zomwezo,
mwina ulendo uno chitseko chitseguka.

Usiku umene Ruo ndi Shire anagwirana manja m'mudzi mwathu
tinakwera padenga la sukulu, mbuzi ziwiri ndi mtondo.
Tsiku lachitatu ndege ya zipupa inatulukira kumapiri a Thyolo,
Maibeki, milomo itang'ambika ndi ludzu, anaimirira:
"Afika! Ndinanena ine!"
Tinaseka, madzi akunyambita malata.

Amalume sanaione Julaye wa chaka chimenecho.
Sutikesi yawo yachitsulo tinaitsegula ndi khasu:
chiphaso cha kuntchito, lumo, matope,
ndipo pansi penipeni, yokulungidwa mu nsalu ya azakhali Joakina,
amene anawoloka kupita ku Mozambiki kukaona maliro
osabwereranso,
kaseti.
Nambala 9, yolembedwa ndi dzanja lawo.

Ndiye kuti ankadziwa.
Ndiye kuti tikabalalika, jenereta ija tinkaimva pakati pa usiku
sinali kuyesedwa mafuta.
Kaya anaibisa kuti makwacha awiri asaleke,
kaya anthu aja sanafike ndipo anatimvera chisoni,
kaya anafika, ndipo n'zimene amalume sanathe kupirira.

Ndinasolola riboni yake, ndinaiyang'anitsa kudzuwa.
Yakuda bii, ngati msana wa mlamba.
Palibe chombo, palibe munthu.

Mwana wa mchemwali wanga akuti zonsezo zili pafoni,
ndingogula bandulo, aziona mpaka mapeto.
Ndimamuuza kuti mawa.

Riboni ija ndinaimanga pamitengo, kudutsa munda wa mapira.
Mphepo ikachoka kumtsinje imanjenjemera, imang'anima,
imalira kamawu kochepa ngati udzudzu uli kutali.
Mpheta zimabwera mwachigulu,
zimaima m'mwamba kanthawi, ngati zikuonera,
kenaka zonse pamodzi zimatembenuka,
kuuluka kumka kutsidya
osatiuza.