Kalata ya m'Dirowa

Dzuwa la kuno ku Flin Flon latopa kuposa ife.
Limadzuka belu litalira kale,
n'kukagona ana asanamange zingwe za jombo.
Ine ndimafika kudakali bii,
ndimapeza a Wendell akuwaza mchere pamasitepe
ngati akukoleretsa ndiwo zomwe palibe adzadye.

Kwatsala masiku khumi ndi awiri kuti titsekere.
Sindiwerengera pakalendala,
ndimawerengera pankhope.

Lolemba a Tkachuk anandiyankha moni ndi chifuwa.
Mawu anawathera sabata yatha,
masamu akuphunzitsa ndi zala ndi nsidze.
Lachiwiri ndinapeza a Lavallee atagona mutu uli pamakope,
cholembera chofiira chitawachonga patsaya.
Sindinawadzutse.
Ndinazimitsa getsi n'kukoka chitseko mwakachetechete.

Akuluakulu a zamaphunziro atumizanso mapepala.
Akufuna manambala, akufuna malipoti,
akufuna msonkhano wa maola awiri
wokambirana za kufunika kopuma.
Ndinaseka ndekhandekha mpaka khofi kutayikira pasiketi.
Msonkhanowo ndaupha.
Akandiimbira foni ndidzayankha ndine,
paja mutu ukakula sulewa nkhonya.

Lachinayi Corinne Bighetty,
yemwe ichi n'chaka chake choyamba kugwira kalasi,
analowa osagogoda, envelopu ikunjenjemera m'manja.
"Zandikanika," anatero. "Mu Januwale musandidikire."
Mawu ndinali nawo ambiri, okonzeratu,
a m'mabuku, osalala ngati madzi oundana pamsewu.
Onse anaterereka.
Ndinangoti, "Wadya?"

Anali asanadye.

Ndinamupatsa theka la sangweji yanga ndi mpando wanga,
kalata ndinaiponya m'dirowa osaitsegula,
ndipo ndinapita kukaima m'malo mwake.

Kalanga ine!
Zaka zisanu ndi zinayi ndisanaime kutsogolo kwa bolodi.
Ana makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi,
otsekeredwa m'kati tsiku lachitatu chifukwa cha chisanu,
miyendo ikuwayabwa.
Wina akulirira golovesi,
wina akulumbira kuti sanalume mnzake, wangomulawa,
wina wandimata nyenyezi yapepala kumsana
ndipo ndayenda nayo mpaka madzulo.
Kenako Tobin, wa pakona uja savula jekete,
anandikoka mkono wa juzi n'kunong'ona,
"Kodi patchuthi simungasiye chitseko chotsegula?
Kuno kumafunda."

Apo ndinadziwa cholemera m'chikwama cha Corinne.
Si makope ayi.
Amanyamula ana makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi kupita nawo kwawo,
n'kugona nawo m'mutu,
n'kubwera nawo m'mawa mdima usanachoke.

Usiku umenewo ndinaimba mafoni asanu ndi awiri.
Anayi sanayankhidwe.
Wachisanu analonjeza katoni ya zakudya,
wachisanu ndi chimodzi, munthu wokonza chotenthetsera m'nyumba.
Wotsiriza anandiuza kuti ndilembe fomu.
Ndinalemba.

Sindinapulumutse aliyense, musandinamizire.
A Tkachuk akutsokomolabe.
Malipoti achedwa, ndipo dzina lofiira ndi langa.
Ndangochotsa timiyala tiwiri titatu m'nsapato za anthu
kuti afike nawo Lachisanu lomaliza.

Dzulo ndinatuluka nthawi itapitirira seveni,
chipale chofewa chikugwa mosafulumira,
ngati nachonso chikudikira tchuthi.
Ndinakumbuka ndili pakhomo
kuti m'mawa sindinalumikize chingwe chofunditsa injini.
Ndinayamba kudzitukwana.
Koma chingwe chinali cholumikiza,
galasi lakutsogolo lopalidwa bwinobwino,
ndipo pagalasi lakumbuyo, pomwe chipale chinasiyidwa dala,
chala cha munthu chinalemba mawu amodzi:
Mwadya?

Ndinali ndisanadye.

Kalata ija ikadali m'dirowa,
pansi pa makiyi osadziwika chitseko chake.
Sindinaitsegule, mwiniwake sanaiitanitse.
Timapatsana moni m'khonde ngati anthu osungirana chinsinsi.
Za Januwale adzanena yekha Januwale.

Lero kwatsala masiku asanu.
A Wendell akuwaza mchere.
Ine ndatereka ketulo.