Khutu la Kumanzere

Mu shopu ina ku Leicester, mvula ikuwaza pa galasi,
mnyamata wa baji yolembedwa Harjit
wandiyalira mahedifoni ngati wogulitsa tomato.
Awa, akuti, amameza phokoso lonse.

Zivindikiro ziwiri zolumikizidwa ndi uta.
Ndavala. Wadina kabatani.
Dziko lazima.

Mukudziwa chigayo magetsi akathima mwadzidzidzi,
anthu n'kuyang'anana, ufa uli m'nsidze,
wina n'kuzindikira kuti akukuwa yekha?
Bata lake lomwelo.
Ndamva mate akutsika pakhosi,
ndamva mtima ukuyendayenda m'khonde mwake.
Milomo ya Harjit ikungophethira, mawu palibe.

Mapaundi mazana awiri ndi makumi anayi.
Ndawerengera chamumtima: mashifiti atatu ausiku,
kutembenuza mayi Doreen, kuwasinthira zofunda,
kuwayankha kasanu kuti amuna awo ali m'njira
pamene anagona kumanda kalekale.
Fizi ya Ndaziona ndi yunifolomu yomwe.
Ndavula.

Si nyimbo ndikufuna ine, Harjit.
Sitima ya m'mamawa yopita ku Nottingham
imakukuta mano pa njanji,
zitseko zimatsokomola,
mayi wosaoneka amatchula masiteshoni osatopa,
ndipo mwana wanga akamanditumizira mawu pafoni
amalankhula motsitsa, kuopa kudzutsa azakhali ake.
Dzulo anati, "Amayi, nda—"
sitima n'kukwera pa mlatho.
Ndakhoza? Ndadwala? Ndatha msinkhu?
Ndinabwereza kanayi.
Kanayi konse chitsulo chinandilanda mawuwo kukhutu.

Watulutsa tina, tating'ono, nzama ziwiri m'kabokosi.
Iti, akuti, timatseka pang'ono chabe,
moto sutikhalitsa, ndipo timatayika.
Mapaundi makumi asanu ndi limodzi.
Akuyankhula ngati akundipepesa.

Pali chimene sindimuuza.
Chaka chatha m'nyengo yozizira, m'basi yodzaza,
aliyense maso pa foni yake,
kumbuyo kwanga wina anati, "Iwe, usandipusitse wamva,"
ndipo khosi linatembenuka lokha.
Ndinatsika naye pa siteji yosakhala yanga,
tinaima pamphepo mpaka zala kuuma,
kufunsana kwanu n'kuti, munabwera liti, therere mumagula kuti.
Nachisale wa ku Ntcheu.
Mpaka lero amandiluka tsitsi Lamlungu lililonse.
Zivindikiro zija zikanamumeza nayenso,
pamodzi ndi injini.

Ndiye kulunga tating'onoto, mwana wa eni.
Ka kumanja n'ka Ndaziona.
Kenako kazigona m'kabokosi.
Khutu la kumanzere ndilisiya losatseka:
alowe mabuleki, alowe makanda olira,
alowe oledzera a mpira Loweruka,
mwina pakati pawo
padzadutsanso wina wokalipa m'chinenero changa.

Lisiti ndapinda, ndaika m'chikwama cha pasipoti.
Kunja mvula sinakate.
Mawa, sitima ikamakwera mlatho uja,
ndidzamva chimene chinatsatira "nda—"
ndipo kaya n'kuseka kaya n'kulira,
ndidzachitira pomwepo, pamaso pa azungu.