Pansi pa Kiyibodi ya Mayi Hrynkiw

Lachisanu madzulo koleji ikatseka,
chipale chofewa chitakwirira magalimoto a ku Brandon,
ndimayenda ofesi ndi ofesi ndi kabuku kanga
kuwerenga mapulogalamu ngati wokhometsa msonkho.

Bambo Lachance, ophunzitsa kujambula mapulani a nyumba,
anagula laisensi imodzi.
Imodzi yokha.
Koma pulogalamuyo ndinaipeza itaswana
m'makompyuta khumi ndi anayi a m'chipinda 208.
"Waluza ndani?" anandifunsa, manja ali m'thumba.
"Eni ake akadali nayo yawo.
Anawa alibe ndalama, Anselm, ukudziwa."
Ndikudziwa.
Ndikudziwanso kuti kwinakwake kuli munthu
amene anachezera zaka zitatu kulemba chinthuchi,
maso ali psuu, khofi atazizira m'kapu,
ndipo sadzamva ngakhale mswayo wa womubera.
Ndinafufuta khumi ndi atatu,
n'kulemba kalata yopempha mtengo wa ophunzira.
Bamboyo sanandiyankhe moni pamasitepe.

Koma yandikhala pamtima ndi ya Mayi Hrynkiw.
Zaka makumi atatu akusunga magiredi, ngongole za fizi,
manambala a kubanki a ana zikwi zinayi.
Nditatukula kiyibodi yawo kuti ndipukute fumbi
kapepala kachikasu kanandigwera pabondo:
Wasyl1979.
Dzina la malemu amuna awo ndi chaka cha ukwati.
Aliyense amene anafika pamaliro aja akanatha kulowa.

Lolemba ndinawayalira lamulo:
zilembo zosachepera khumi ndi ziwiri, nambala, kachizindikiro;
dzina la mwana ayi, la galu ayi, la msewu wakwanu ayi;
osalemba papepala, osauza munthu, ngakhale ine,
ngakhale imelo yodzitcha kuti yachokera kwa mkulu wa koleji.
Anandiyang'anira pamwamba pa magalasi.
"M'mawa uliwonse ndimamuitana ndi zala izi
ndipo chitseko chimatseguka.
Ukufuna ndimuike m'manda kachiwiri?"

Kukamwa kunandiuma.
Mapaipi otenthetsa chipinda ankangoti gu, gu, m'khoma.

"Alipo mawu amene anakuuzani," ndinatero,
"amene wina aliyense sanawamve?
Musanditchulire.
Ingotengani chilembo choyamba cha liwu lililonse."

Anakhala duu nthawi yaitali.
Kenako anaseka okha, kuseka kwa mtsikana,
n'kundiuza kuti nditembenuke.
Ndinayang'ana pawindo.
Kunja mnyamata wina ankapala chipale pagalasi la galimoto
ndi khadi lake la kulaibulale.
Kumbuyo kwanga mabatani analira pang'onopang'ono,
kakhumi ndi kasanu ndi kawiri,
n'kubwereza kuti atsimikize.

Kapepala kaja anakapinda n'kukaika m'chikwama,
pamodzi ndi makiyi a kunyumba.
Ine sindinaletse: sikatsegulanso kanthu.

Zimene Wasyl ananena sindikuzidziwa.
Amandilipira kuti ndisazidziwe.